Zikomo Blantyre: bandi yatha, ngongole yathanso

Abale ndi alongo, inu amene mwakhala mukutifunsa pa Facebook ndi pa WhatsApp, zimene mwamvazo ndi zoona. Bandi yathu yatha. Chionetsero cha Loweruka lapitali ku Limbe chinali chomaliza. Ndalama za pakhomo tinawerenga tonse asanu tili pamodzi, eni holo tinawalipira, ndipo Lolemba m'mawa ndinakatula gawo lotsiriza la ngongole imene yakhala ikutisowetsa tulo kuyambira 2023. Ine ndine uja wa ng'oma, amene ndinalinso msungichuma, ndipo anzanga andituma kuti ndilembe mawu awa m'malo mwa tonsefe.

Kwa inu amene simunationerepo, tinayamba mu 2016 m'galaja ina ku Chilomoni. Tinkaimba rock, ya magitala olira mwaukali ija, koma m'Chichewa, ndipo nyimbo iliyonse inali sewero. Woimba wathu ankatulukira m'bokosi la maliro, wa bezi ankavala ngati wakatapila atakolekera chikwama chodzaza mapepala, ine ndinkamenya ng'oma nkhope ili mbuu ndi penti yoyera. Izi sizinachokere kunja kokha. Tonsefe tinakulira pa zisudzo za Kwathu ndi nthabwala za Izeki ndi Jakobo, ndipo wamkulu mwa ife anaonerako gulu la zisudzo la Wakhumbata ku French Cultural Centre, malo amene lero ndi Blantyre Cultural Centre, mtsogoleri wake Du Chisiza Jr asanamwalire mu 1999. Mbali inayo tinaitola m'matepi a vidiyo amene malume ake a wa gitala anabwera nawo kuchokera ku Johannesburg: bandi ya KISS ndi nkhope zawo zopakapaka, komanso Alice Cooper ndi njoka yake m'khosi. Tinati, Amalawi okonda sewero chonchi, bwanji osawapatsa sewero ndi gitala nthawi imodzi?

Tiyambe ndi inu mayi eni galaja. Munatipatsa kiyi osatchula za lendi mpaka titayamba kupeza kangachepe. Aneba atatopa ndi phokoso, munakatiyankhulira n'kugwirizana nawo kuti dzuwa likalowa, ife ziii. Aneba nanunso zikomo, munapirira nyimbo zimene zinali zisanapse.

Koma anthu amene ndikufuna muwadziwe bwino ndi aja amene sanakwerepo pa siteji. Mayi a telala a mumsika wa Ndirande, inu ndi amene munatipanga kukhala bandi ya zisudzo. Tinkakubweretserani majekete a pa kaunjika, ena ong'ambika m'khwapa, inu n'kuwasandutsa mikanjo ya oweruza ndi yunifomu ya asilikali a dziko limene kulibe. Munasokerera zitsekerero za mabotolo pachifuwa kuti ziziphethira magetsi akawala. Woimba atadandaula kuti akuchedwa kusintha zovala, munamufunsa kuti wa gitala amaimba gitala yekha nthawi yaitali bwanji, kenako munachotsa mabatani onse n'kuika zipi imodzi kumsana. Kuyambira pamenepo ankalowa kuseri ali woweruza n'kutuluka ali mkaidi, gitala isanatsike. Ndipo kangati konse tinatenga zovala tisanamalize kulipira?

Bambo a kalipentala, poyamba munatikana. Munati kukhomera bokosi munthu wamoyo ndi malodza, ndipo sitinakutsutseni. Mutabwera kudzaona sewerolo m'galaja munavomera, koma mwa njira yanu: matabwa opepuka oti anthu awiri n'kunyamula, mabowo a mpweya kumutu, ndi loko wotsegulira mkati, kuti mwana wa eni asadalire wina kumutulutsa. Achimwene owotcherera zitsulo, fisi wathu wamkulu uja munamupanga ndi mapaipi otha ntchito ndi mateyala a njinga, ndipo ana amene ankabwera ku zionetsero za masana ankamuthawa kenako n'kumutsatira. Adalaivala a minibasi, munkachotsa mpando wakumbuyo kuti zonsezi zikwane. Pepani chifukwa cha tsiku lija pa Ginnery Corner pamene anthu anavula zipewa poona bokosi, inu n'kuyendetsa pang'onopang'ono kuti asachite manyazi.

Mu 2018 ndi 2019 maholo anayamba kudzaza. Ophunzira a ku Poly, imene pano ndi MUBAS, ndi amene anayamba kutikokera anzawo, kenako anyamata a ku Bangwe, Zingwangwa ndi Machinjiri. Nthawi yomweyo inabuka mphekesera yoti ndife a satana. Ife tinkaseka, koma amayi athu kutchalitchi sankaseka, chifukwa ndi iwo amene ankalozedwa chala. Abusa, inu munagula tikiti ngati wina aliyense, munakhala kumbuyo mpaka pomaliza, ndipo Lamulungu munauza mpingo zimene munaona ndi maso anu: sewero la munthu amene anakongola katapila n'kutaya nyumba. Simunatiyamikire phokosolo ayi, munati lokhalo n'lopweteka m'makutu, koma mayi anga anabwereranso ku kwaya. Agogo a ku Dedza, inunso zikomo potikhazika pansi pa nkhani ya zigoba. Munatiuza mosapsatira kuti za gule wamkulu zili ndi eni ake ndi malo ake, si zovala za pa siteji ya oimba. Tinamva, ndipo nkhope zathu zonse tinazipeka tokha.

Zaka zotsatira mukuzidziwa, poti tinadutsamo limodzi. Mu 2020 Covid anatseka misonkhano. Mu Januwale 2022 namondwe Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndiye chionetsero chilichonse chinkafuna jenereta ndi mafuta, pomwe bandi ngati yathu popanda magetsi ndi sewero la mumdima basi. Kenako mu Marichi 2023 kunabwera namondwe Freddy. Katundu wathu tinkasunga m'chipinda cha achimwene ake a wa bezi ku Chilobwe, ndipo matope ochokera m'phiri la Soche anatenga masipika, mikisa, fisi uja ndi zovala zambiri. Sindikutchula izi kuti mutimvere chisoni. Anthu oposa 1,000 anamwalira m'dziko muno, ndipo ku Chilobwe komweko mabanja athunthu anakwiririka. Achimwenewo ndi ana awo anapulumuka, ife tinangotaya zinthu. Chimene sitidzaiwala n'chakuti munthu amene anali atagona kumsasa wa pasukulu, wopanda ngakhale bulangete lake, ankatipepesa ife chifukwa cha masipika. Achimwene, panalibe chopepesa, ndipo mpaka pano palibe.

Kuti tiyambirenso tinafunika kukongola. Ife oimba za katapila tikanapita kwa wakatapila zikanakhala zoseketsa, koma tinatsala pang'ono. Amayi a banki mkhonde ku Zingwangwa, kumene akazi anga ndi membala, ndi amene munatilanditsa. Munakongoza mkazi wanga podziwa bwino lomwe kuti ndalamazo zikupita kwa amuna opaka penti kumaso. Tisanamalize kugula zida, mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo chilichonse chochokera kunja, kuyambira nsambo za gitala mpaka mawaya, chinakwera. Mwezi umene tinalephera kubweza pa nthawi yake munatiitana, munatikalipira ndithu, kenako munatiwonjezera masiku. Mayi a m'nyumba, dzina limene linali m'buku lija linali lanu, osati langa. Zikomo.

Tsono ambiri mukufunsa kuti takangana chiyani. Kusiyana maganizo kunalipo. Woimba ankafuna zisudzo zikule, wa gitala anatopa kunyamula matabwa ndipo akufuna kungoimba, wa kiyibodi mtima wake uli ku nyimbo zauzimu, ndipo woimba yemweyo wapeza ntchito ku Cape Town. Zoterezi si zachilendo kwa magulu a mtundu wathu. Alice Cooper poyamba linali dzina la bandi yonse, anyamata asanu ochokera ku Phoenix, Arizona. Mu 1973 chimbale chawo chinafika pa nambala wani ku America ndi ku Britain, koma pofika 1975 gulu linali litabalalika. Woimba wawo, Vincent Furnier, anatenga dzinalo kukhala lakelake n'kupitiriza yekha, pamene anzake atatu anayambitsa bandi ina imene sinapite patali. Lero ambiri akamva dzinalo amaganiza za munthu mmodzi. Mbiri imeneyi tinkaidziwa, ndipo tinaona kuti pa bandi ya zisudzo anthu amakumbukira nkhope ya wotuluka m'bokosi, osati manja a womenya ng'oma kumbuyo.

Choncho tinakhala pansi n'kulemba pepala, mboni ilipo. Dzina la bandi si la munthu mmodzi, ndipo palibe adzaligwiritse ntchito asanu tonse tisanavomere. Nyimbo tinalembetsa ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za luso, m'maina a tonse, gawo lofanana. Ndipo palibe wochoka ngongole isanathe. Apa ndiye pali kuthokoza kwanga kwakukulu. Mchimwene wanga woimba, iwe ndi amene ukanapindula ukanakana pepalalo, chifukwa nkhope imene Blantyre amaidziwa ndi yako. Unasaina woyamba. Unapempha mabwana ako atsopano kuti uchedweko, n'kumaloweranso m'bokosi muja Loweruka ndi Loweruka mpaka buku la amayi litatsekedwa. Wa gitala, unanyamula matabwa amene unkadana nawo osang'ung'udza, kapena tinene kuti unkang'ung'udza koma ukunyamula. Wa bezi ndi wa kiyibodi, munasiya gawo lanu la pakhomo miyezi imene zinavuta. Ndaimba ndi anthu abwino.

Inu amene munkagula matikiti, zikomo, makamaka inu amene munabwera Loweruka mutadzipaka penti, ena ndi ana pamapewa. Anyamata a kabaza amene munkadikira panja mpaka usiku kuti anthu akafike kwawo, amayi a tchipisi ndi mandasi a pakhomo, mnyamata wa zokuzira mawu amene ankadziwa waya uliwonse ndi dzina lake, aulutsi a pa wailesi amene munaika nyimbo zathu pakati pa reggae ndi gospel anthu akukufunsani kuti mwatani, landirani ulemu wathu.

Katundu tagawana motere. Aliyense watenga chida chake. Masipika ndi mikisa tagulitsa, ndipo ndalama zake zathandiza achimwene a ku Chilobwe kufolera nyumba yawo yatsopano. Zovala zonse zapita ku kalabu ya zisudzo ya sekondale ina ku Ndirande, ndipo mayi a telala alonjeza kuzichepetsa kuti ziwakwane anawo. Amene muli ndi zithunzi kapena mavidiyo a zionetsero za Freddy asanabwere, chonde titumizireni ku inbox, chifukwa kompyuta imene munali zathu inapita ndi matope. Latsala ndi bokosi lokha. Linapulumuka chifukwa sabata imeneyo linali kwa bambo a kalipentala kukakonzedwa chivundikiro, ndipo pano mabanja onse asanu alikana. Gulu la zisudzo limene likulifuna lidzatenge ku Chilomoni mwezi uno usanathe, laulere, bola mubwere ndi galimoto yanu.