Malipiro a mwezi uno anadutsira pa tabuleti ku Mponela

Kwa ine wosamalira makompyuta pa ofesi, Lolemba mpaka Lachitatu zinali za masiku onse: pulinta yotafuna mapepala, anthu oiwala pasiwedi, wina wothira tiyi pa kiyibodi n'kumati yafa yokha. Zimenezo tizisiye.

Mayi amene amawerengera ndalama kwathu kuno anapita kumaliro ku Mponela, pomwe malipiro amayenera kutuluka Lachisanu. Pulogalamu yake ili pa kompyuta ya pa desiki pawo ku City Centre, ndiye ananyamula tabuleti kuti alowe mu kompyutayo ali kutali ndi pulogalamu ya Remote Desktop, kudzera mu WireGuard, njira yotetezedwa yolumikizira ku netiweki ya ku ofesi. Lachinayi cha m'ma 7 koloko usiku, ndili pansima kwathu ku Area 25, foni ija ngrii. "Achimwene, kakungozungulira, sikakulowa."

Nditayesa ping, kauthenga koyesera ngati chipangizo chikuyankha, rauta (kabokosi kolumikiza ofesi ku intaneti) inayankha koma kompyuta yawo zii. Ndinadziwiratu. Magetsi anathima masana, ndipo batire la UPS, chipangizo chosunga moto magetsi akathima, linafa kalekale. Ndalembera akuluakulu katatu konse, yankho n'lomwelo, ati ndalama palibe. Rauta imayaka yokha magetsi akabwera, koma kompyuta ija imadikira chala cha munthu. Ndinakwera kabaza usiku umenewo, alonda n'kunditsegulira, kuti ndikangodina batani limodzi basi. Ndili pomwepo ndinasinthiratu mu BIOS, momwe mumakonzedwa kayakidwe ka kompyuta, kuti iziyaka yokha magetsi akabwera.

Ndimati zatha, kani ayi. WireGuard ikuonetsa kuti yalumikizana, pasiwedi yalandiridwa, kenako sikirini bii. Mayi aja anali atatuluka pasiwa, aima pansi pa mtengo pofuna netiweki, nyimbo za maliro zikumveka chapatali.

Apa m'pomwe abwana anaimba. "Iwe, ungotsegula 3389, khomo la Remote Desktop lija, pa rautapo, mayiwa alowe mwachindunji. Mphwanga amatero ku ofesi kwawo." Ndinayankha mwaulemu kuti bwana, zimenezo ine ayi. Kompyuta ya malipiro a anthu onse, ndiisiye poyera pa intaneti pomwe akuba amagogoda pa 3389 usana ndi usiku? Zikavuta woyamba kumuloza chala ndi ine ndemwe. Anadula foni osatsanzika.

Chinandithandiza n'chakuti ping yaing'ono imadutsa, koma ndikaikulitsa n'kuletsa kuti isaduke zidutswa, imasowa m'njira. Vuto linali MTU, malire a kukula kwa mapaketi, timitolo ta uthenga todutsa pa netiweki. Mu fayilo ya WireGuard ya pa tabuletiyo ndinalembamo ndekha 1420 chaka chatha, ndipo pa Wi-Fi zimayenda bwinobwino, koma netiweki ya foni imene anaipeza kumeneko imakana mapaketi aakulu chotero. Ndinawalondolera pang'onopang'ono: "Mayi, zimitsani kaye, dinani kapensulo, pezani pamene palembedwa MTU, fufutani, lembani 1280, sungani, muyatsenso." Panadutsa kanthawi ndikungomva mpweya wawo. Kenako anati, "Ee, yabwera! Zikomo achimwene."

Ndinafika kunyumba nsima itazizira. Lachisanu malipiro anatuluka, ndipo pamsonkhano abwana anauza anthu kuti netiweki inangovuta pang'ono kenako inakhala bwino yokha. Ndalama ya kabaza akuti ndibweretse lisiti. Kalata yachinayi ya batire ndaisiya pa tebulo pawo.