Bering'i ya chigayo cha amalume yandiphunzitsa za oyilo

Tchuthi chapitachi ndinali ku Luchenza, kuthandiza amalume pachigayo chawo. Tsiku lina m'mawa, kunja kuli chiperoni, chigayo chinayamba kulira mwachilendo, kenako tinamva fungo la girisi wopserera. Titamasula, amalume anandiika bering'i m'manja ikadali yotentha. Timipira take tinali titasanduka tabuluu, ndipo njira imene timayendamo inali ndi timaenje ngati mtengo wodyedwa ndi chiswe. "Mphwanga, iwe ndiwe wasukulu, tandiuza. Girisi ndimathira sabata iliyonse, nanga chadya chitsulochi n'chiyani?" Ndinangoti kukamwa yasa.

Funso limenelo ndabwera nalo kusukulu, ndipo teremu ino ndakumana nalo mu tribology, phunziro la kukhulana ndi kutha kwa zitsulo. Dzinali linayamba mu 1966, mu lipoti la Peter Jost ku Britain. Choyamba chimene chinanditsegula mutu n'chakuti chitsulo chimene timati n'chosalala, pamaikulosikopu chimaoneka mapiri ndi zigwa zokhazokha. Ntchito ya oyilo, ngakhalenso girisi, ndi kulekanitsa nsonga za mapiriwo. Koma makina akamangoyamba kumene, kapena katundu akalemera, oyilo amapyapyala, nsongazo zimagundana n'kumathyoka.

Apa m'pamene pamalowera nanoparticles, timibulu ta kukula kwa nanomita 1 mpaka 100. Tsitsi limodzi la munthu kunenepa kwake ndi nanomita pafupifupi 80,000, ndiye tangoganizani. Tikasakanizidwa mu oyilo, tina timagubuduka pakati pa zitsulo ngati timipira ta bering'i, tina timatseka timaenje, tina timamatirira n'kupanga kachikopa koteteza. Mwa mankhwala opangira timibuluti, amene ndawakonda kwambiri ndi molybdenum disulfide ndi graphite, uja amapezeka mu mtima wa pensulo. Awa ndi osanjikizana ngati masamba a nthochi oyalidwa, ndipo tsamba lililonse limatsetsereka pa linzake mosavuta. Ndinakumbuka agogo akupala pensulo pakiyi loko akalimba. Iwo za sayansi sankazitchula, koma graphite yemweyo ndi amene ankagwira ntchito. Mu 1992 gulu la Reshef Tenne ku Israel linapeza timibulu ta tungsten disulfide tokutana ngati anyezi, ndipo tikapanikizika timasendeka n'kusiya makoko ake pachitsulo.

Nditawerenga zimenezi mtima unathamanga. Ndinapera mitima ya mapensulo awiri pamwala, n'kuthira ufawo m'botolo la oyilo wa njinga yamoto, n'kukhutchumula mpaka oyilo yense anada bii. Ndinaliika pawindo. Patapita masiku angapo, oyilo wapamwamba anali atayamba kuyera, ndipo pansi panali matope akuda okhuthala. Ufa wangawo unali waukulu kwambiri, sunali wa nano ayi, koma vuto ndinaliona ndi maso anga, ndipo ndi lomwelo limene limasautsa akatswiri. Timibulu tating'ono timakokana, timaundana, kenako timamira. Tikaundana sitilowanso pakati pa zitsulo, m'malo mwake timakanda kapena kutseka fyuluta. N'chifukwa chake amatikuta ndi mankhwala monga oleic acid kuti tisamatirane, ndipo amathira pang'ono zedi, kawirikawiri osapitirira gawo limodzi pa magawo 100. Ukachulutsa, nthawi zina chitsulo chimatha msanga kuposa poyamba.

Botolo lija ndi limene linandibwezera kuchigayo. Fumbi la pamsewu nalonso ndi timibulu, koma ta mchenga, tolimba ndi tosongoka, ndipo tikalowa mu girisi timamusandutsa sandipepa. Chitini cha girisi cha amalume chimakhala chosavundikira pafupi ndi khomo, pamwamba pake pali gaga ndi fumbi, ndipo amatapa ndi kamtengo. Ine ndikuona kuti bering'i ija inafera pamenepo. Timibulu ta nano, ngakhale tabwino chotani, sitingapulumutse girisi wakuda chonchi.

Komabe nkhaniyi sindikuisiya. Graphite tili naye m'dziko mwathu muno, ku Malingunde ndi ku Kasiya, ndipo m'mafakitale a tiyi a kuno ku Thyolo ndi Mulanje zitsulo zimazungulira usana ndi usiku nyengo yothyola. Pulojekiti yanga ya chaka chomaliza ndikufuna ikhale pa mmene graphite wathuyu angakhalire mu oyilo osamira. Dzulo ndinawaimbira amalume kuti agule chitini chachivundikiro ndi pampu ya girisi. Anayamba aseka, kenako anafunsa kuti pampuyo ku Limbe ikupita ndalama zingati.