Mmene tinayesera pulogalamu ya zaumoyo ya pafoni m'mabanja a ku Ngabu

Bungwe lina linabwera ndi pulogalamu ya pafoni yolimbikitsa achinyamata ndi makolo awo kudya bwino, kuchita masewera, kumwa madzi ndi kugona mokwanira. Isanafalitsidwe m'masukulu, linapempha kuti ife a kuno kuchigwa tiyambe taiyesa. Ntchitoyo inagwera ine, poti ndine woyang'anira kalabu ya zaumoyo pasekondale ina yoyendera kufupi ndi Ngabu, ndipo ndinaigwira limodzi ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lathu. Mapulogalamu otere akubwera ambiri. Amene mudzapatsidwe ntchito ngati iyi ku Nchalo, ku Bangula kapena ku Nsanje, musadzangokhala mu ofesi n'kumadinadina foni yanu. Mudzapite nayo pakhomo, pa foni imene banjalo lili nayo, pa nyengo imene anthuwo akukhalamo.

Tinayamba ndi chilolezo. Chisinthireni malamulo aakulu a dziko mu 2017, aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ndipo ambiri a m'kalabu yanga ali m'gulu limeneli. Tinadzera kwa ahedi, kenako kwa anyakwawa, n'kufika kwa makolo. Kalata yopempha chilolezo tinkaiwerenga mokweza, ndipo kumene kunali agogo olankhula Chisena chokhachokha mlangizi ankamasulira. Mwanayo tinkamufunsanso payekha, makolo atatalikira, ngati akufunadi. Tinanenetsa kuti palibe chilichonse chogawidwa, chifukwa kuno anthu akaona munthu akulemba mayina amayesa kukubwera thandizo, monga zinkachitikira pambuyo pa namondwe wa Ana mu 2022 ndi wa Freddy mu 2023.

Posankha mabanja tinapewa kungotenga a anthu apantchito. Tinaikamo alimi a thonje ndi mapira, banja la msodzi, mayi wogulitsa zitumbuwa pamsika, ndi agogo olera adzukulu. Mafoni anali a itel ndi Tecno, ena osweka galasi, ambiri odzaza kale ndi zithunzi ndi nyimbo. Apa mpamene kuyesa kunayambira. Kuti pulogalamuyo ilowe, ena anafunika kufufuta zinthu zawo, ndipo tinkalemba zimenezo. Tinkapatsirana kudzera pa Xender kuti tisawononge bandulo. Kenako pa foni iliyonse tinkatsegula pamene pamaonetsa kuchuluka kwa intaneti imene pulogalamu iliyonse yadya, n'kulemba nambala ya poyambira. Tinazimitsanso netiweki dala kuti tione chimene chitsale. Maphunziro olembedwa anatsala, koma mavidiyo ophunzitsa kuphika anakaniratu kutseguka.

Pofuna kuti tisamangoti "ndi yabwino" kapena "ndi yoipa", tinagwiritsa ntchito muyeso wotchedwa MARS, umene akatswiri a ku Queensland ku Australia anatulutsa mu 2015. Umayang'ana mbali zinayi: ngati pulogalamu imakopa munthu kuti abwererenso, ngati imagwira bwino ntchito, maonekedwe ake, ndi ubwino wa uthenga umene ili nawo. Funso lililonse mumalipatsa malikisi kuyambira 1 mpaka 5. Ine ndi mlangizi tinachonga aliyense payekha, osaonerana, kenako n'kukhala pansi kukambirana pamene tinasiyana. Pa maonekedwe tonse tinaipatsa malikisi apamwamba. Ndi yokongola ndithu, ndipo ana anaizolowera msanga kuposa ife.

Pa uthenga mpamene tinakhalitsa. Tinatsegula tsamba lililonse n'kumalifananiza ndi zimene Unduna wa Zaumoyo umaphunzitsa, zija za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, za nyama, za m'gulu la nyemba, masamba, zipatso ndi mafuta. Ziwerengero zake zinali zoona. Inkanena kuti mwana wa zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi kwa mphindi 60 pa tsiku, kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere pa tsiku, ndiponso kuti shuga asapitirire gawo limodzi mwa magawo khumi a mphamvu zochokera m'zakudya. Zonsezi n'zimene bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, limanena. Koma m'ndandanda wa zakudya, umene mwana amasankhamo zimene wadya, munali maapozi, tchizi ndi buledi wa mitundumitundu. Nsima ya mapira munalibe. Mchewere, mbatata za kudimba, khobwe, makakana, mlamba wowamba, therere, chisoso, masawu, malambe, bwemba, zonsezi munalibe. Mwana amene wadya nsima ya mapira, nsomba ndi nkhwani zotendera, wadya magulu anayi pa mbale imodzi, koma pulogalamuyo inkamupatsa chizindikiro chofiira ngati sanadye kanthu. Izi zinandiwawa, chifukwa mwana woteroyo amayamba kuona chakudya cha kwawo ngati chaumphawi.

Tinapezanso vuto lina lalikulu. Poyeza ngati munthu ali ndi thupi loyenera, inkagwiritsa ntchito malire a akuluakulu. Ana a zaka 5 mpaka 19 ali ndi muyeso wawo, umene WHO inatulutsa mu 2007, woyendera zaka za mwana komanso ngati ndi mnyamata kapena mtsikana. Ndiponso malangizo ake ambiri anali a kuchepetsa thupi. Inde, tchipisi cha pachiwaya, mafilizesi ndi zakumwa zotsekemera zafika ponseponse, ndipo matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi tikuwaona. Koma kuno mu Januwale ndi Febuluwale muli mabanja odya kamodzi pa tsiku, ndipo kufupi ndi dambo la Elephant Marsh anthu amakumba nyika, mizu yonga mbatata yomera m'madzi, chaka cha njala. Mtsikana wochepa magazi safunika uthenga womuuza kuti achepetse nsima.

Titatha zimenezi tinawasiyira mabanjawo pulogalamuyo kwa masabata angapo. Inali nyengo ya dzuwa la Okutobala, pamene kutentha kuno kumapyola madigiri 40. Banja lililonse tinalipatsa kope loti mwana azilembamo madzulo zimene wachita ndi zimene wadya tsikulo, posayang'ana zimene foni yanena. Kope limenelo ndi limene linatithandiza koposa zonse, ndipo aliyense woyesa pulogalamu yotere asalisiye.

Nditafika pakhomo pena Loweruka masana, ndinapeza banja lonse lili pamthunzi wa mtengo wa nimu. Bambo anatulutsa foni m'thumba la malaya n'kundionetsa tsamba la mwana wawo wamkazi wa Fomu 2. Lachiwiri linkaonetsa kuti anayenda kwambiri, Lachitatu linkati sanasunthe. Ndinatsegula kope. Lachitatu mtsikanayo anadzuka kusanache, anapita kumjigo maulendo angapo ndi ndowa pamutu, kudutsa mjigo wapafupi chifukwa madzi ake ndi amchere, kenako anayenda wapansi kusukulu, ndipo madzulo anasinja mapira.

"Nanga Lachiwiri anapita kuti?" ndinafunsa.

Bambowo anaseka. "Aphunzitsi, Lachiwiri ndine ndinapita kumsika wa ng'ombe. Foniyi sichoka m'thumba mwangamu."

Mayi a mtsikanayo, ali mkati mosadzula masamba, anawonjeza kuti, "Ndiye ikumuuza mwanayu kuti ndi waulesi, azithamanga. Athamange liti? Ndi miyendo iti?"

Amene anapanga pulogalamuyo ankaganiza za mwana amene ali ndi foni yakeyake, woyenda nayo paliponse. Kuno foni ndi ya banja, ndipo kawirikawiri amasunga ndi bambo kapena achimwene aakulu. Kusukulu mafoni saloledwa. Choncho mapazi amene ankawerengedwa anali a mwini thumba, ndipo ntchito ya atsikana, yomwe ndi yolemetsa kuposa masewera alionse, sinkaoneka n'komwe. Pamakomo ena zinali chimodzimodzi. Mnyamata wina amapalasa kabaza akaweruka, koma foni imakhala ikutchajidwa kwa ometa tsiku lonse.

Zikumbutso zake nazo zinkalira pa nthawi yolakwika. Cha m'ma 1 koloko masana inkauza ana kuti atuluke akathamange, nthawi imene ngakhale mbuzi zimabisala pansi pa nkhokwe. Inkakumbutsa za kumwa madzi, zomwe n'zofunikadi kuno, koma osatchulako za kuwathira klorini, chonsecho kolera wa mu 2022 ndi 2023 anthu sanamuiwale. Pa za tulo inkanena zoona, kuti wachinyamata azigona maola 8 mpaka 10, koma inkangoti azimitse foni msanga. Chimene chimalanda tulo kuno ndi kutentha. Anthu amatulutsa mphasa kukagona panja, neti n'kutsala m'nyumba, ndipo udzudzu wa kuchigwa mukuudziwa. Za likodzo, kwa ana osamba m'mitsinje ndi m'ngalande, munalibe ngakhale mzere umodzi.

Pomaliza tinacheza ndi anawo m'magulu, atsikana paokha ndi mayi wa m'gulu la amayi a pasukulu, anyamata paokha ndi ine. Atsikana anatulutsa nkhani imene pamaso pa makolo sakanainena. Pulogalamuyo ili ndi tsamba lolembapo za msambo ndi za mmene munthu akumvera mumtima, koma ilibe nambala yachinsinsi yotsekera. Ndani angalembe zimenezo pa foni ya bambo ake? Palibe anayerekeza. Tinawerenganso mfundo zake za kasungidwe ka zinsinsi. Zinali m'Chingerezi chovuta, ndipo inkapempha chilolezo choona malo amene munthu ali ndi mayina a m'foni popanda kufotokoza chifukwa. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la mu 2024, ndipo bungwe lija tinalikumbutsa zimenezo.

Zabwino zinalipo, ndipo tinazilemba mosabisa. Masewera a mafunso oti banja liyankhire pamodzi anakondedwa kwambiri. Pakhomo la agogo aja, adzukulu ankawerenga funso mokweza madzulo, agogo n'kumatsutsa, ndipo nkhani ya mchere wothira m'ndiwo inakambidwa koyamba m'nyumbamo. Ana ambiri anasiya kutsegula mbali zina zonse patangopita masiku ochepa, koma iyi ankabwererako. Anyamata anakondanso mpikisano wa pakati pa mabanja.

Lipoti lathu linali lalifupi. Tinaikamo malikisi a MARS, kuchuluka kwa bandulo imene foni iliyonse inadya, ndi masamba a m'makope pambali pa zimene foni inalemba tsiku lomwelo, mayina titafufuta. Tinati pulogalamuyo isalowe m'masukulu mmene ilili. Tinapempha kuti foni imodzi izitha kukhala ndi masamba a anthu angapo, lililonse ndi nambala yake yachinsinsi. Tinapempha kuti mwana azitha kulemba yekha kutunga madzi, kulima, kusinja ndi kupalasa njinga, kuti zakudya za kuno zilowe m'ndandanda, kuti muyeso wa thupi ukhale wa ana, ndi kuti banja lizisankha lokha nthawi ya zikumbutso. Tinapemphanso mawu omvetsera a Chichewa ndi Chisena ogwira ntchito popanda netiweki, ndi batani loimbira ku Chipatala Cha Pa Foni kwa mwana amene ali ndi funso loti foni singayankhe.

Tisanatumize lipotilo tinaitana mabanja onse kusukulu n'kuwawerengera. Msodzi uja anatiuza kuti tiwonjeze zoti nthawi ya madzi osefukira foni imakhala masiku osatchajidwa, choncho pulogalamuyo isamafufute mapointi a mwana chifukwa wadumphitsa masiku. Tinawonjeza, ndipo tinauza bungwelo kuti likakonza tidzaiyesenso m'mabanja omwewo m'miyezi ya mvula.