Nsomba za Mrs Sen ndi khadi la laibulale

Lolemba m'mawa ndinapeza bokosi lobwezeramo mabuku litadzaza mpaka kukamwa, ndipo pansi pa desiki panali katoni yochokera ku laibulale yaikulu ya m'tauni. Munali makope 12 a buku la nkhani zifupizifupi la Jhumpa Lahiri, Interpreter of Maladies, limene linatuluka mu 1999 n'kupata mphoto ya Pulitzer chaka chotsatira. Ndinaliitanitsa chifukwa cha nkhani imodzi yokha, ya Mrs Sen, yoti gulu lathu la amayi likambirane Lachitatu.

Ndimagwira ntchito pa laibulale ina yaing'ono ku Leicester, ku England. Malinga ndi kalembera wa 2021, munthu mmodzi mwa atatu alionse mumzinda uno ndi Mmwenye, ndipo dera lathu ndiye kuchimake. Tili ndi mashelefu a mabuku a Chigujarati, Chihindi, Chipunjabi ndi Chiurdu. Zilembo zake ine sinditha kuwerenga, choncho ndimabwezera buku lililonse pamalo pake poyang'ana mtundu wa kapepala kamene tinamata kumsana kwake. Lolemba lonse linathera pamenepo ndi pa telefoni, kukumbutsa amayi a m'gululi kuti adzatengeretu makope awo.

Lachiwiri cha m'ma 11 koloko kunabwera mtsikana wa zaka mwina 24, atavala juzi yaikulu pamwamba pa zovala zakwawo. Anaima nthawi yaitali pa shelefu ya Chipunjabi asanalimbe mtima kubwera pa kauntala. Amafuna khadi. Ndinamufunsa ngati ali ndi kalata iliyonse yosonyeza dzina lake ndi keyala ya kumene amakhala, kaya ya magetsi, ya banki, ya lendi. Iliyonse imene ndatchula ankangopukusa mutu. Anachokera ku Jalandhar, mzinda wa ku Punjab ku India, atakwatiwa, wakhala kuno miyezi 14, ndipo zonse za panyumba zili m'dzina la mwamuna wake kapena la apongozi. Makalata amene amabwera m'dzina lake amatsegula ndi ena n'kusunga. Malamulo athu amalola kuti munthu wotere timupatse khadi lobwerekera mabuku ochepa, ndiye ndinamupangira. Atalilandira analitembenuza kawiri, kenako anasainira kumbuyo kwake pang'onopang'ono, lilime lili pakati pa mano. Ndinamuitanira ku gulu la mawa lake, ndinamubwereketsanso kope limodzi. Sanalonjeze kuti abwera.

Gulu la Lachitatu limakumana 1 koloko m'kachipinda ka kumbuyo, kamene m'mawa kamakhala ka ana. Timasuntha timipando tating'ono, ine ndimawiritsa madzi, ndipo sipalephera wina wobweretsa thepla, mtundu wa chapati cha Chigujarati, kapena samusa zokulunga m'pepala. Woyamba kufika nthawi zonse ndi mayi wina wa zaka za m'ma 70 amene tonse timamuitana Masi, kutanthauza mchemwali wa amayi ako m'Chigujarati. Akangolowa pakhomo amati, "Mwana wanga, waswera bwanji?" Chichewa chawo ndi cha m'sitolo, cha zaka 50 zapitazo, koma n'chomveka bwino. Anabadwira ku Luchenza, kumene bambo awo anali ndi sitolo. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu litalamula kuti amalonda achimwenye achoke m'madera a kumidzi azikachita malonda m'mizinda, banja lawo linasamukira ku Limbe, ndipo mu 1976 anakwera ndege kubwera kuno ali mkwatibwi watsopano. Anapeza mzinda uli kale ndi anzawo ambiri amene Idi Amin anawathamangitsa ku Uganda mu 1972, chaka chomwe khonsolo ya Leicester inaika chidziwitso m'nyuzipepala ya Uganda Argus chowauza kuti asabwere kuno.

Agogo anga aamuna anali telala wa pakhonde la sitolo ya Mmwenye ku Balaka, ndipo m'nyumba ya abwana awo sanalowemo ngakhale tsiku limodzi. Ndinawauzapo a Masi zimenezi. Sanakane, sanadzikhululukire. Anangoti, "Zinali choncho, ndipo sizinali bwino." Kuyambira tsiku limenelo ndi pamene tinayamba kucheza zenizeni.

Nkhani ya Mrs Sen ndi yaifupi. Mayi wa ku Calcutta watsatira mwamuna wake amene akuphunzitsa masamu pa yunivesite ina ku America. Masana amalera mnyamata wachizungu wa zaka 11, Eliot. Amakhala pansi, atayala manyuzipepala, n'kumadula ndiwo zamasamba pa chimpeni chopindika chimene anabwera nacho kuchokera kwawo, ndipo amamufotokozera mnyamatayo kuti kwawo kukakhala ukwati amayi a m'dera lonse amabwera ndi zimpeni zawo, n'kuchezera kudula masamba pamwamba pa nyumba, nkhani ndi kuseka osatha. Tsiku lina amufunsa Eliot ngati pangabwere munthu iye atati akuwe. Chimene amachilakalaka kwambiri ndi nsomba zaziwisi zathunthu, koma kuti akazitenge kwa wogulitsa pamafunika galimoto, ndipo iye kuyendetsa amaopa. Anayesa basi, wina anadandaula za fungo. Pomaliza ayendetsa yekha, n'kukaomba mtengo wa mawaya a telefoni.

Timawerenga mokweza mosinthana, chifukwa ena Chingelezi chowerenga chimawavuta ngakhale amachilankhula. Titafika pa amayi odula masamba usiku aja, ine ndinaona mafuwa a pamaliro kwathu, amayi atazungulira madengu a kabichi ndi mpiru m'bandakucha, zitenje m'chiuno. Ndinayang'ana m'chipindamo, aliyense anali kwawo.

Kenako mkangano unabuka. Mayi wina amene anali mphunzitsi asanapume anati wolakwa ndi mwamunayo, amene anazula mkazi kwawo n'kumusiya m'nyumba ngati mpando. Wina, amene ali ndi shopu yake ya nsalu, anati ayi, Mrs Sen ndi waulesi wa mtima, akanalimbikira kuphunzira galimoto akanadziimira payekha. Mawu akuti kudziimira payekha anabwerezedwa kangapo. A Masi anakhala chete mpaka tiyi wawo atazizira, kenako anatembenukira kwa ine n'kunena m'Chichewa, "Vuto si galimoto, mwana wanga. Alibe mnzake." Anzawo anati amasulire, ndipo pomasulirapo anafotokoza zawo.

Atafika mu 1976 analowa ntchito pa fakitale yoluka masokosi, monga ankachitira amayi ambiri achimwenye mumzinda uno nthawi imeneyo. Malipiro ankabwera Lachisanu m'kaenvulopu, ndipo kaenvulopuko ankakapereka kwa apongozi aamuna kosatsegula. Pa makina oyandikana nawo panali mayi wa ku Kampala amene anachita nawo sitiraka ya pa fakitale ya makina otayipira ya Imperial Typewriters mu 1974. Ameneyu ndiye anawaphunzitsa kukwera basi, kuwerenga kapepala ka malipiro, ndi kudziwa kuti ndalama za ovataimu zikhoza kupita kwina. Anawatengera ku positi ofesi kukatsegula buku losungira ndalama, ndipo bukulo linakhala m'kabati ya mnzawoyo zaka zisanu ndi chimodzi, chifukwa kunyumba kwa apongozi kunalibe dirowa yoti n'kubisamo kanthu. Pambuyo pake analowa m'kagulu kosonkherana ndalama mwezi ndi mwezi, chipereganyu chenicheni, ndipo ndalama zimenezo ndi zimene zinalipira chikole cha nyumba yawo yoyamba, iwo ndi amuna awo. Ukwati wawo sunathe. Anakhala ndi bambowo zaka 41 mpaka imfa inawalekanitsa.

Mtsikana wa ku Jalandhar uja anali atalowa mochedwa n'kukhala pampando wa pafupi ndi chitseko, chikwama chili pamiyendo. Ndinkaganiza kuti atuluka osanena kanthu. Tikutolera makapu anati, motsitsa mawu, kunyumba kwawo kuno amakhala anthu asanu ndi atatu, koma funso la kukuwa lija iye amadzifunsanso. Palibe amene anayankha. A Masi anangosuntha mbale ya thepla kuiika patsogolo pake.

Lachinayi linali la ana m'mawa, nyimbo ndi kuwomba m'manja, ndipo masana makina osindikizira anatafuna mapepala a bambo wina amene amafunsira ntchito, mpaka ndinachita kutsegula kumbuyo n'kusolola ndi zala. Koma maganizo anga anali pa za dzulo lake. Ndawerenga mabuku ambiri a mtundu umenewu chifukwa cha gululi, ndipo ndimaona kuti ife owerenga timathamangira kuyeza ufulu wa mkazi ndi zinthu zooneka patali: wasiya mwamuna, wameta tsitsi, wayendetsa galimoto. Mnzawo wa a Masi uja amene anawasungira buku la ku positi ofesi timamuona ngati wongodutsa. Chaka chatha tinawerenga buku la Meera Syal la mu 1999, Life Isn't All Ha Ha Hee Hee, la akazi atatu a ku London amene anakulira limodzi, Tania, Sunita ndi Chila. Tania, amene amaoneka womasuka kuposa anzake, amajambula filimu yoonetsa poyera zam'kati mwa maukwati a anzakewo. Amayi a gulu lathu anamukwiyira kwambiri chifukwa cha filimuyo, ndipo nthawi imeneyo ndinkaona ngati akukokomeza. Tsopano ndikumvetsa. Kwa munthu amene chinsinsi chake chinagona m'kabati ya mnzake zaka zisanu ndi chimodzi, kuulula za mnzako ndi mlandu waukulu zedi. Ndimakumbukiranso kuti Chitra Banerjee Divakaruni, amene analemba Arranged Marriage mu 1995, anali mmodzi mwa amayi amene mu 1991 anayambitsa bungwe lothandiza akazi a ku South Asia ozunzidwa m'mabanja ku California. Dzina limene analipatsa ndi Maitri, kutanthauza ubwenzi.

Lachisanu masana awiriwo analowa limodzi, a Masi patsogolo. Amafuna kompyuta. Masiku ano chilolezo chokhalira m'dziko lino sichikhalanso pa khadi, chili pa intaneti, ndipo kuti uchione pamafunika imelo ndi nambala ya foni zimene unalembetsa. Za mtsikanayu zonse n'za mwamuna wake. Munthu wobwera pa viza ya ukwati amadikira zaka zisanu asanapemphe kukhazikika, kuchokera pamene lamulo linasintha mu 2012, chifukwa kale zinali ziwiri, ndipo nthawi yonseyo saloledwa kulandira thandizo la ndalama la boma. Sananene kuti kunyumba amamuzunza, ndipo ine sindinamuike mawu m'kamwa. Lamulo silindilolanso kupereka malangizo a za imigireshoni, pamafunika chilolezo chapadera. Chimene ndinatha kuchita n'kumuthandiza kutsegula imelo yakeyake, ndi kusindikiza pepala la maofesi ovomerezeka amene amalangiza anthu kwaulere. Posankha mawu achinsinsi anatchinga kiyibodi ndi dzanja, ngakhale kwa a Masi, ndipo iwo anayang'ana kumbali mwadala. Pepala lija analitenga ndi a Masi, analipinda kanayi n'kuliika m'chikwama chawo. "Likhala kwanga," anatero. "Akalifuna akudziwa khomo."

Ndinamva chisoni ndi mkwiyo nthawi imodzi, chifukwa miyezi 14 ndi yaitali kwa munthu amene amakhala mphindi khumi zokha kuchokera pakhomo lathu. Zidziwitso za gululi timamata pa galasi la laibulale, m'Chingelezi, kumene amaziona ndi anthu amene afika kale. Ndalembera abwana anga kupempha kuti tizimasulire m'Chipunjabi ndi m'Chigujarati, n'kukazisiya ku mashopu a zakudya ndi kumalo olambirira.

Loweruka timatseka 1 koloko. Patatsala theka la ola a Masi anatulukira okha, atanyamula jumbo yonunkha nsomba. Anati m'mawa anakwera basi ndi mtsikana uja mpaka pa siteshoni ya basi ya Haymarket, ndipo anamusiya kuti alipire yekha ndi kuliza yekha belu lotsikira. Pobwerera anagula tilapia ziwiri, imodzi yake imodzi yawo. "Si chambo," anatero akukwinya mphuno, "koma ndi tomato ndi anyezi zitheka." Anandipatsa kope la mtsikanayo kuti ndiwonjezere masiku, chifukwa wayamba kuwerenga nkhani zinazo ndipo amawerengera kunyumba kwawo a Masi, masana apongozi akagona. Ndinawonjezera masabata atatu. Ndikulemba fomu yoitanitsira mabuku a mwezi wamawa, anasuzumira pa kauntala n'kuloza pamene ndinalemba 12.

"Lemba 13, mwana wanga."

Ndinafufuta n'kulemba 13, kenako ndinapita kukazimitsa makompyuta.