Madzi a laimu achita mbuu tsopano

Zatheka anzanga! Dzulo mpweya wa carbon dioxide wochokera m'botolo la soda wophikira ndi viniga utangodutsa m'kapaipi, madzi a laimu omwe anali mbee anachita mbuu, ana a kalabu yathu ya sayansi kuno ku Kasungu n'kuyamba kuwomba m'manja.

Chinthuchi chandisowetsa tulo. Laimu woyamba ndinatapa m'thumba lotsala popaka nyumba, lomwe lakhala pakhonde kukamwa kuli yasa kuyambira chaka chatha. Kusungunula, kudikira kuti adikhe, kusefa pakansalu, koma madzi ali phee. Ndinasintha viniga, ndinamata chitsekerero ndi phula la kandulo poganiza kuti mpweya ukuthawa, ayi ndithu. Vuto linali laimuyo. Calcium hydroxide, yemwe ndi laimuyo, akakhala pamtetete amayamwa carbon dioxide pang'onopang'ono n'kusanduka calcium carbonate, yemwe sasungunuka m'madzi, ndipo ndi yemweyo amachititsa madzi a laimu kukhala mbuu. Ndiye kuti chemical change (kusintha komwe kumapanga chinthu chatsopano) yomwe ndimafuna kuonetsa anawo inali itachitika kale m'thumbamo.

Watsopano ndapeza kwa bambo ena ogulitsa zomangira kufupi ndi msika. Amamanga bwino m'pulasitiki, ndipo sanyinyirika kukupimira kapu imodzi yokha. 

Chandisangalatsa kwambiri chinabwera pambuyo. Mtsikana wina wa Fomu 2 anathira madzi a laimu pang'ono m'kapu n'kumauzira ndi kapaipi osalekeza. Anachita mbuu, kenako n'kuyeranso. Akuti, "Aphunzitsi, zabwereratu, ndiye ndi physical change." Apa m'pamene ndimadana ndi kuloweza koti chemical change ndi yosabwerera basi. Palibe chabwerera: carbon dioxide akachuluka amapanga chinthu chinanso, calcium hydrogencarbonate, chomwe chimasungunuka. Funso lofunsa n'lakuti, kodi papangika chinthu chatsopano? Mchere tinausungunula, n'kuyanika mbale padzuwa, unatsala mchere womwewo: imeneyo ndiye physical change, popeza sipanapangike chinthu chatsopano. Shuga wopserera pa sipuni, makala ake sungatsekemeretse nawo tiyi.

Oyesa, samalani maso a ana, laimu amaotcha.

Kutsogoloku ndikufuna madzi a chidede tiyesere mandimu ndi chidulo, tione momwe madziwo asinthire mtundu. Komanso mtima uli pa kudzipangira laimu ndi makoko a mazira. Pamafunika moto wopitirira madigiri 800, ndiye ndikunyengerera oumba njerwa kwathu kuno andisungire kamalo mu uvuni akamadzaotcha.