Mafunde poyamba, nsanja pambuyo: momwe ndimayalira dongosolo la netiweki ya opulumutsa anthu, potengera FirstNet

Ndikamayala dongosolo la netiweki ya dziko lonse ya apolisi, ozimitsa moto ndi a ambulansi, sindiyamba ndi kuwerenga nsanja. Ndimayamba ndi mafunde a wailesi: tili nawo ochuluka bwanji, ali pa bandi iti, laisensi yake ili m'manja mwa ndani. Ndalama zenizeni zomangira netiweki yotere zimabisala m'mafundemo, ndipo nkhani ya FirstNet, netiweki yotere ya ku America, imaonetsa zimenezi poyera. Ndiyenda nayo imeneyo kuyambira pachiyambi.

Chiyambi chake ndi chachisoni. Pa 11 Sepitembala 2001 ku New York, wailesi za apolisi ndi za ozimitsa moto sizinkamvana, ndipo ozimitsa moto 343 anafa tsiku limenelo. Lipoti la komiti yofufuza za chiwembucho, lomwe linatuluka mu 2004, linapempha kuti magulu opulumutsa anthu awonjezeredwe mafunde. Komabe lamulo lokhazikitsa netiwekiyo linadzabwera mu 2012, ndipo womanga anapezeka mu 2017. Zaka zonsezo zinathera pa mafunde, lamulo ndi ndalama, osati pa zitsulo.

Ndisanalembe nambala iliyonse mu bajeti, ndimalekanitsa mawu ndi deta. Netiweki yatsopanoyi ndi ya deta: mapu a nyumba yomwe ikuyaka, vidiyo yochokera pamalo a ngozi, kugunda kwa mtima wa wodwala kotumizidwa kuchipatala ambulansi ikadali panjira. Wailesi za ova-ova, zomwe ku America zambiri zimatsata muyezo wa P25, ndimazisiya momwe zilili. Wozimitsa moto akalowa m'chipinda cha pansi pa nyumba, wailesi yake imatha kulankhula ndi ya mnzake mwachindunji popanda nsanja, ndipo imatulutsa mawati angapo. Foni wamba imatulutsa mawati 0.2 basi. Choncho bajeti imayenera kunyamula zonse ziwiri kwa zaka zambiri. Amene amalonjeza kuti ndalama zidzachokera pozimitsa wailesi zakale ayang'ane ku Britain: netiweki yakale ya wailesi za opulumutsa anthu, Airwave, inkayenera kutsekedwa pofika 2019 kuti yatsopano yotchedwa ESN ilowe m'malo mwake, koma tsikulo linadutsa ikugwirabe ntchito, boma likulipira mbali ziwiri.

Tsopano mafunde. FirstNet ili ndi 20 MHz pa bandi yotchedwa Band 14: kuchoka 758 kufika 768 MHz nsanja imatumizira foni, kuchoka 788 kufika 798 MHz foni imatumizira nsanja. Mafunde a 700 MHz ndi ofunika chifukwa amapita patali ndiponso amalowa m'makoma bwino kuposa a pamwamba, ndiye nsanja zofunika zimachepa. Theka la 20 MHz imeneyi linali kale la opulumutsa anthu. Theka linalo, lotchedwa D Block, ndi lomwe linavuta.

Mu 2008 bungwe la FCC, lomwe ntchito yake yogawa mafunde ndi ngati ya MACRA ku Malawi, linayesa kugulitsa D Block pa okishoni. Wogula ankayenera kumanga netiweki yolimba yogwirizana ndi zofuna za opulumutsa anthu, ndi ndalama zake, n'kukambirana tsatanetsatane wa mgwirizano atapambana kale. Mtengo wotsikitsitsa unali madola 1.33 biliyoni. Kunabwera mtengo umodzi wokha, madola 472 miliyoni, malonda n'kufera pomwepo. Palibe kampani imene imagula mbuzi ili m'thumba. Kuchokera pamenepa ndimatenga lamulo langa loyamba: udindo wa womanga ulembedwe wonse asanatchule mtengo, ndipo boma liikepo kenakake kake.

Lamulo lomwe Pulezidenti Barack Obama anasaina pa 22 Febuluwale 2012 linakonza zimenezo. D Block inaperekedwa kwa opulumutsa anthu osagulitsidwa, ndipo laisensi imodzi ya dziko lonse inapita ku bungwe latsopano, First Responder Network Authority (FirstNet), lomwe lili pansi pa NTIA, nthambi yoona za matelefoni mu unduna wa zamalonda. Bodi yake ili ndi anthu 15: atatu okhazikika ochokera m'boma, ena 12 osankhidwa ndi nduna ya zamalonda. Laisensi imodziyo ndi chinthu chachikulu kuposa momwe imaonekera. Mizinda ndi zigawo zina zinali zitayamba kumanga manetiweki awoawo a LTE (luso la 4G) ndi chilolezo chapadera cha mu 2010, ndipo zikanapitirira choncho, vuto la wailesi zosamvana likanangobadwanso m'mafoni.

Ndalama zinaikidwa motere: madola 7 biliyoni omangira netiweki, 135 miliyoni othandizira zigawo kukonzekera, 300 miliyoni a kafukufuku ku NIST (bungwe la boma loona za miyezo ndi luso), ndi 115 miliyoni okonzera malo olandirira mafoni a ngozi a nambala ya 911. Zoyendetsera ofesi ya bungwelo anazitsekera pa madola 100 miliyoni pa zaka khumi zoyamba. Zonsezi sizinachokere ku msonkho. Zinkadikira kugulitsidwa kwa mafunde ena, ndipo podikirapo NTIA inaloledwa kubwereka mpaka madola 2 biliyoni ku thumba la boma. Okishoni ya mafunde otchedwa AWS-3, yomwe inatha mu Januwale 2015 ndi mitengo yoposa madola 44 biliyoni, ndi yomwe inadzaza mbale. Ngongole yoyambirayo sindiisiya m'dongosolo lililonse, chifukwa okishoni imatha kuchedwa zaka, pamene antchito, maloya ndi akatswiri amafunika malipiro mwezi woyamba womwewo.

Apa ndi pamene ndimakhala pansi ndi kalikuleta. Bungwe lowerengera ndalama za boma la GAO linanena mu 2015 kuti kumanga ndi kuyendetsa netiwekiyi kwa zaka khumi zoyamba kukhoza kudya pakati pa madola 12 biliyoni ndi 47 biliyoni. Ndalama zomwe zinalipo ndi 7 biliyoni. Mpatawo sungatsekedwe ndi malipiro a mwezi a apolisi ndi ozimitsa moto, poti iwo ndi mamiliyoni ochepa, pamene makampani a mafoni amagawira mtengo wa nsanja kwa makasitomala oposa 100 miliyoni. Chomwe chimatseka mpata ndi chakuti mafunde a opulumutsa anthu amakhala chabe nthawi yambiri. Tsiku lopanda ngozi, Band 14 ndi msewu waukulu wopanda galimoto. Lamulo linalola kuti mpata wotsalawo ubwerekedwe kwa kampani kuti idutsitsepo makasitomala ake wamba, bola opulumutsa anthu akafika, msewu ukhale wawo. Malonda onse aima pamenepo.

Ndisanaitane makampani, ndimapita kwa ogwiritsa ntchito. Ku America chigawo chilichonse, pamodzi ndi zilumba zisanu ndi mzinda wa Washington, zonse 56, chinasankha munthu mmodzi wolumikizana ndi FirstNet, ndipo mu 2015 anasonkhanitsa mfundo. Mafunso ake ndi osavuta koma mayankho amavuta kuwapeza: muli ndi antchito angati, magalimoto angati, mumalipira zingati pa laini iliyonse panopa, mafoni opempha thandizo amachokera kuti kwenikweni, ndi malo ati omwe mulibe anthu koma ngozi zimachitika. Funso lomalizali ndimalikakamira. Mapu a kampani ya mafoni amatsata komwe kuli makasitomala, pamene moto wa m'nkhalango, ngozi za m'misewu ya m'chipululu ndi ntchito ya m'malire zimachitika kumene kampani sionako phindu. N'chifukwa chake lamulo la 2012 linanena kuti gawo lililonse la ntchito yomanga likhale ndi malo akumidzi. Popanda mawu amenewo, kumudzi kumasiyidwa chaka chomaliza, ndalama zitatha.

Chikalata choitanira makampani chinatuluka mu Januwale 2016. Sichinalamule kuti nsanja zikhale zingati kapena zida zigulidwe kwa ndani. Chinatchula zolinga, makampani n'kunena okha momwe adzazikwaniritsire. Gulu lina lopikisana nawo, Rivada Mercury, litachotsedwa pampikisano linakasuma kukhoti, ndipo ntchito inaima mpaka chigamulo cha mu Malichi 2017. Miyezi ya milandu ndimaiika pa kalendala kuyambira pachiyambi, chifukwa kontirakiti yaikulu chonchi siidutsa popanda wodandaula.

Pa 30 Malichi 2017 kontirakiti ya zaka 25 inapita kwa kampani ya mafoni ya AT&T. Boma linkapereka mpaka madola 6.5 biliyoni, osati nthawi imodzi, koma gawo lililonse likamalizidwa n'kutsimikizidwa. AT&T inati idzagwiritsa ntchito pafupifupi madola 40 biliyoni pa nthawi yonse ya mgwirizano, ndipo imalipira FirstNet chaka ndi chaka chifukwa cha mafundewo, madola 18 biliyoni pazaka 25. Ndalama zimenezi ndi zomwe zimayendetsa bungwelo, zotsala n'kubwerera mu netiweki. Mu Febuluwale 2024 analengeza kuti madola oposa 8 biliyoni adzalowa mu netiweki m'zaka khumi, kuphatikizapo kusamukira ku 5G. Palinso chilango ngati kampani sifikitsa chiwerengero cha olembetsa chomwe inalonjeza. Chilangochi n'chofunika chifukwa palibe polisi kapena chipatala chokakamizidwa kulowa FirstNet, ndipo kampani ina ya mafoni, Verizon, ikulimbirana makasitomala omwewo. Popanda chilango, kampani ikhoza kutenga mafunde n'kuiwala eni ake.

Ndime yomwe ndimaiwerenga katatu ndi ya kutsogoza. Pali zinthu ziwiri zomwe anthu amazisokoneza. Priority ndi kupita patsogolo pa mzere: foni ya wapolisi imapatsidwa mpata kaye nsanja ikadzaza. Preemption ndi kuchotsa munthu pampando: kasitomala wamba amene walumikizidwa kale amachepetsedwa kapena kusamutsidwira ku bandi ina kuti wopulumutsa anthu alowe. Ndimafuna zonse ziwiri, zogwira zokha usana ndi usiku kudzera mu simukhadi, popanda wina kuimba foni ku likulu kuti azitsegule. Ndimafunanso kuti zigwire pa mabandi onse a LTE a kampaniyo, osati Band 14 yokha, monga zilili ku FirstNet. Chifukwa chake ndi masamu. Njira ya 10 MHz ya LTE imapereka pafupifupi 75 Mbps (mamegabiti pa sekondi) potsitsa ndi 25 Mbps pokweza zinthu zikakhala bwino kwambiri, ndipo zimenezo amagawana onse ali mbali imodzi ya nsanja. Pangozi yaikulu magalimoto onse amaunjikana malo amodzi, pansi pa mbali imodziyo, ndipo aliyense akukweza vidiyo. Makamera khumi okha, iliyonse ikudya 2 Mbps, atsala pang'ono kumaliza mpata wokweza, ndipo kumalire a nsanja mpatawo umakhala wochepa kwambiri kuposa pamenepo. Pachimake pa netiweki, pomwe akatswiri amati core, ndimafuna pakhale papadera kuti deta ya apolisi isasakanikirane ndi ya anthu wamba. Ya FirstNet inayamba kugwira ntchito mu Malichi 2018.

Kenako zigawo zinapatsidwa ufulu wosankha. Mabwanamkubwa analandira dongosolo la chigawo chawo ndi masiku 90 oti avomere kapena akane, tsiku lomaliza kwa ambiri linali 28 Disembala 2017. Wokana ankayenera kupeza womanga wake m'masiku 180, kukhutiritsa FCC kuti netiweki yake idzamvana ndi ya dziko, kudutsa ku NTIA, n'kusenza yekha chiopsezo cha zaka 25. Virginia inavomera koyamba mu Julayi. New Hampshire inakana koyambirira kwa Disembala, n'kubwerera tsiku lomaliza itaona kuti yatsala yokha. Pamapeto pake onse 56 analowa. Ufulu wokanawo sunali wachabe ngakhale palibe anaugwiritsa ntchito: mabwanamkubwa anaugwiritsa ngati chokambirana kuti awonjezeredwe nsanja kumidzi.

Kumanga Band 14 kunatenga zaka zisanu, mpaka Malichi 2023. Ntchito yambiri inali kukweza zida pa nsanja zomwe zinalipo kale, chomwe ndi chifukwa china chosankhira kampani yokhala ndi netiweki. Komwe nsanja sizifika pali njira ziwiri. Ina ndi magalimoto onyamula nsanja yaing'ono yolumikizidwa ndi setilaiti, omwe amatumizidwa gulu likapempha popanda malipiro owonjezera. Inayo ndi zida zamphamvu zoikidwa m'galimoto, zomwe pa Band 14 zimaloledwa kutulutsa mawati 1.25, kuposa foni wamba kasanu ndi kamodzi.

Zomwe zimagwetsa netiweki yotere nthawi zambiri si mafunde. Ndi magetsi, chingwe cha faiba, ndi dzanja la munthu. Pa Khirisimasi ya 2020 bomba linaphulika pafupi ndi nyumba ya makina a AT&T ku Nashville, magetsi ndi majenereta zinasokonekera, mabatire atatha mafoni anazima m'zigawo zingapo. Pa 22 Febuluwale 2024 kusintha kolakwika kwa makina kunagwetsa netiweki ya AT&T dziko lonse kwa maola osachepera 12, ndipo FirstNet inakhudzidwa nayo, ngakhale inabwezeretsedwa msanga kuposa ya anthu wamba. Lipoti la FCC linapeza kuti ogwiritsa ntchito FirstNet anauzidwa patapita maola atatu. Ndiye m'kontirakiti ndimalemba maola omwe mabatire ayenera kupirira, malo oyenera kukhala ndi jenereta, njira ziwiri za faiba zosadutsa ngalande imodzi, mphindi zomwe kampani iyenera kudziwitsa eni ake vuto likabuka, ndi simukhadi yachiwiri ya kampani ina m'magalimoto ofunika kwambiri.

Chomaliza chomwe ndimayang'ana ndi masiku othera. Lamulo la 2012 linapatsa bungwe la FirstNet zaka 15, kutanthauza Febuluwale 2027, pokhapokha nyumba ya malamulo itaziwonjezera. Kontirakiti ya AT&T ikufika 2042. Bungwe lomwe lili ndi laisensi, lomwe limalandira ndalama za chaka ndi chaka ndiponso kuyang'anira womanga, linapatsidwa moyo waufupi ndi zaka 15 kuposa mgwirizano womwe linasaina. Ndikamalemba bilu, masiku awiriwa ndimawaika pa tsamba limodzi, ndipo ndimaonetsetsa kuti la bungwe lidzafike la kontirakiti litadutsa kale.