Muvi wochokera pa H+

Malipoti a labu ali mulu patebulo pano, koma sindinatsegule ngakhale limodzi. Mutu wanga ukadali pa mtsikana wa chaka choyamba amene anatsalira masana, anzake atatuluka, n'kubwera ndi pepala la mechanism (masitepe a mmene reaction imayendera, ojambulidwa ndi mivi) ya practical ya lero, ija yosandutsa tert-butanol, amene ndi alcohol, kukhala tert-butyl chloride pogwiritsa ntchito asidi wa HCl. Mayina onse anali olondola, product inali yolondola. Koma muvi woyamba anaujambula kuchokera pa H+ kupita pa okosijeni.

"Bwanji muviwu mwauyambira apa?"

"Aphunzitsi, si H ndi amene akusamuka? Akuchoka ku asidi, akupita ku alcohol. Ndiye muvi ukuloza kumene akupitako."

Chimene chikundisowetsa mtendere n'chakuti yankho limeneli si lopanda nzeru. Munthu aliyense ukamupatsa muvi amaganiza kuti ukuloza kumene chinthu chikulowera. Ndipo ndikudziwa kuti m'muluwu ndipezamo ambiri amene ajambula chimodzimodzi, n'chifukwa chake ndikuchita ulesi kuyamba.

Muvi wokhota mu organic chemistry suonetsa ulendo wa atomu. Umaonetsa ulendo wa ma elekitironi awiri. Choncho mchira wake uyenera kukhala pamene pali ma elekitironi, kaya pa lone pair (ma elekitironi awiri a atomu amene sali mu bondi) kaya pakati pa bondi, ndipo mutu wake uloze pamene akukapanga bondi yatsopano kapena pamene akukakhala. H+ ndi haidrojeni amene analandidwa elekitironi imodzi yokhayo imene anali nayo. Alibe chopereka. Amene ali nazo ndi okosijeni wa alcohol, ali ndi ma lone pair awiri, ndiye muvi uchoke kwa iyeyo. Komanso mu HCl wa m'botolo, amene ndi 37% ndipo kotsalako ndi madzi, mulibe H+ woyenda yekha. Amakhala pa H3O+. Ndiye mivi imakhala iwiri: wina kuchoka pa okosijeni wa alcohol kupita pa H, wina kuchoka pa bondi ya H–O kubwerera pa okosijeni wa madzi.

Tinakhala pa benchi, ndinamupatsa choko chifukwa papepala anali atafufuta mpaka kuboola. Ndinamufunsa chifukwa chake timayamba ndi asidi, osangothira mchere wa sodium chloride mu alcohol, poti chloride ali momwemo. Anangoti duu. Nkhani yagona pa leaving group. Gulu limachoka mosavuta pa kaboni ngati ndi base yofooka, yoti ikatenga ma elekitironi awiriwo ikhazikika nawo. OH– ndi base yamphamvu, sachoka. Koma okosijeni akalandira H, chimene chikuchoka ndi madzi. pKa, nambala imene imatsika asidi akamakula mphamvu, ya madzi ndi 15.7, ya H3O+ ndi –1.7, ndipo 1 aliyense pa pKa ndi kuchulukitsa ka 10. Kusiyana kwake si kwamasewera. Asidi ntchito yake yoyamba ndi imeneyo basi, kusandutsa chokakamira kukhala chochoka.

Sitepe yachiwiri ndiye yochedwa: bondi ya C–O imaduka, ma elekitironi onse awiri n'kupita ndi madzi. Kaboni amatsala ndi mabondi atatu, ma elekitironi 6 okha, charge ya +, ndipo amakhala wathyathyathya, ngodya zake madigiri 120, p orbital ili yopanda kanthu. Ndiye carbocation. Amapangika chifukwa magulu atatu a methyl omuzungulira amamukankhirako ma elekitironi pang'ono. 1-butanol, amene ndi primary (kaboni wa OH walumikizana ndi kaboni mmodzi yekha, pomwe pa secondary ndi awiri, pa tertiary ngati tert-butanol ndi atatu), sangachite zimenezi pa kutentha kwa m'chipinda, n'chifukwa chake pa Lucas test, ya HCl ndi zinc chloride, tertiary alcohol amachita mbuu nthawi yomweyo, secondary amatenga mphindi zingapo, primary amangokhala ngwee mpaka utatenthetsa. Sitepe yachitatu ndi yachangu, chloride amalowa pa orbital yopanda kanthu ija, nkhani n'kutha.

Pali zinthu ziwiri zoyesera mechanism iliyonse musanaipereke, ndipo sizitenga mphindi. Werengani ma charge: mukayamba ndi +1 kumanzere, kumanja kukhalenso +1, sitepe iliyonse. Kenako werengani mabondi a kaboni aliyense. Akakhala ndi asanu, pali muvi umene mwaiwala. Mapepala ambiri amene amataya malikisi amafera pa ziwiri zimenezi, osati pa zinthu zakuya.

Apa m'pamene anafunsa funso limene linandisangalatsa, ngakhale analifunsa mokhala ngati wakwiya. "Nanga mumadziwa bwanji kuti zimayenda choncho? Alipo anawaona ma elekitironiwo akuyenda?"

Palibe. Chimene chimayezedwa ndi liwiro. Edward Hughes ndi Christopher Ingold, ku University College London m'zaka za m'ma 1930, ndi amene anasiyanitsa njira ziwiri zimene timazitcha SN1 ndi SN2. Pa tertiary halide, mukachulukitsa nucleophile (chobwera ndi ma elekitironi kudzalowa pa kaboni, ngati chloride uja) kawiri liwiro silisintha, kutanthauza kuti nucleophile mulibe mu sitepe yochedwa: imeneyo ndi SN1. Pa bromomethane ndi hydroxide, mukachulukitsa chilichonse mwa ziwirizo kawiri, liwiro limachulukanso kawiri, ndiye kuti zonse zikukumana mu sitepe imodzi: imeneyo ndi SN2. Umboni wina ndi wa maonekedwe a molekyu. Paul Walden anaona kale mu 1896 kuti kaboni wa chiral, wolumikizana ndi magulu anayi osiyana, amatha kutembenuzika pa substitution. Mu 1935 Hughes ndi anzake anatenga 2-iodooctane wa enantiomer imodzi (mtundu umodzi mwa iwiri yosiyana ngati dzanja lamanja ndi lamanzere) n'kumuika pamodzi ndi iodide wa radioactive. Optical rotation, kupotoza kuwala kumene enantiomer ziwirizo zimachita molowera mbali zosiyana, inkatha mofulumira kawiri kuposa mmene iodide watsopanoyo ankalowera. Chifukwa chake n'chosavuta koma chokoma: molekyu iliyonse imene yalowedwa imatembenuka, ndipo ikatembenuka imafafaniza rotation ya inzake imodzi imene sinakhudzidwe. Iodide mmodzi, mamolekyu awiri achoka pa chiwerengero. Zimenezi sizingachitike pokhapokha nucleophile akulowera kumbuyo nthawi zonse. Ndipo n'chifukwa chomwecho tertiary sachita SN2: kumbuyoko kuli ngati khomo limene paima anthu atatu onenepa, wolowa alibe podutsa.

Anagwedeza mutu, koma sindikudziwa ngati zinalowa kapena ankangofuna ndimalize.

Practical yeniyeniyo inali nayo mikwingwirima yake, ndipo ndilembe pano ndisanaiwale poti gulu lina likubwera. Tert-butanol amauma pa madigiri pafupifupi 25, ndiye m'mawa kukazizira mumapeza botolo lili gwaa. Liikeni m'madzi ofunda, osaligogoda ndi spatula. Mamililita 10 ndi magalamu 7.8, mole 0.105. HCl timathira mamililita 30 a 12 M, mole 0.36, kupitirira katatu, dala, kuti equilibrium ikankhidwire kumanja. Mu separating funnel, yambani mwazunguza osatseka kwa mphindi imodzi, kenako tsekani, tembenuzani, tsegulani mpopi mpweya utuluke, khutchumulani, tsegulaninso. Kukamwa kwa funnel kuloze mkati mwa fume hood, osati kumaso kwa mnzanu. Pakapita mphindi zingapo madzi aja amagawika pawiri.

Apa ndiye pamene pamafera anthu. Tert-butyl chloride ali ndi density ya 0.84, asidi wamphamvuyo ali ndi 1.18, ndiye product ili pamwamba. Magulu awiri lero anatsanulira product yawo m'botolo la zinyalala n'kusunga asidi. Sindinawakalipire koma mtima unandipweteka, chifukwa njira yodziwira ndi ya masekondi ochepa: donthetsani madzi pang'ono mu funnel, muone kumene akukasungunuka. Kumeneko ndiye kwa madzi. Ndipo musataye kalikonse mpaka product yanu mutaiyeza pa sikelo. Ikani m'mabika, lembani dzina, zikhale pambali. Amene angoloweza kuti "organic imakhala pamwamba" adzalira tsiku limene tidzagwiritse ntchito dichloromethane, amene density yake ndi 1.33 ndipo amamira pansi pa madzi.

Potsuka ndi sodium bicarbonate wa 5%, asidi wotsala amatulutsa carbon dioxide wambiri. Mukatseka msanga n'kukhutchumula, chotsekera chimauluka ndi product yomwe. Zunguzani chosatseka mpaka thovu litaleka. Potulutsa za pansi, chotsani kaye chotsekera cha pamwamba, apo ayi zimatuluka pang'ono n'kuima, wophunzira n'kumati mpopi watsekeka. Kutsuka ndi madzi kukhale kwachangu, chifukwa madzi nawonso ndi nucleophile, ndipo tert-butyl chloride akakhalitsa nawo amabwerera ku alcohol panjira yomweyo ya SN1 imene anabwerera. Kenako calcium chloride wouma, galamu imodzi kapena awiri, mphindi 10 mpaka 15. Akamangoundana thirani wina pang'ono, mpaka tizidutswa tina tizigubuduka momasuka ndipo madziwo asiye kuoneka mbuu. Pa distillation, flask ikhale youma, muikemo ma boiling chips musanatenthetse, ndipo mutenthetse ndi madzi otentha osati lawi la moto, chifukwa chinthuchi sichichedwa kuyaka. Mutu wa thermometer ukhale m'munsi pang'ono mwa potulukira nthunzi. Ukakwera kwambiri umawerenga zotsika. Sonkhanitsani pakati pa madigiri 49 ndi 52, cholandirira chili mu ayezi. Chinthu chowira pa 51 mukachisiya chosatseka pa benchi chimatha mukuona.

Yield yonse itatuluka ingakhale magalamu 9.7. Palibe amafika pamenepo. Ina imauluka, ina imatsalira m'magalasi ndi pa calcium chloride, ndipo carbocation wina m'malo molandira chloride amataya H n'kukhala 2-methylpropene, mpweya umene umatuluka nthawi ija mukutsegula mpopi. Imeneyo ndi elimination ya E1, ndipo nthawi zonse imayenda limodzi ndi SN1 poti zimadutsira pa carbocation mmodzi yemweyo. Lipoti lolemba 104% silindisangalatsa ayi. Ayeza madzi, kapena alcohol amene sanasinthe.

Ndatopa, ndipo kununkha kwa asidi kukadali m'mphuno. Mwina n'chifukwa chake nkhani ya mtsikana uja ikundikhalira pamtima kuposa mmene iyenera. Atatsala pang'ono kupita ananena zimene ndimamva chaka chilichonse: "Komabe aphunzitsi, nthawi yachepa. Ine ndingoloweza ma reaction onse, mayeso akadutsa basi."

Kuloweza kulipo kofunika, sindikana. Ma functional group ndi mayina awo, malamulo a IUPAC otchulira mayina, ndi ma pKa ochepa: HCl cha m'ma –7, acetic acid 4.76, phenol 10, ethanol 16, acetone 19 mpaka 20, ethyne 25, ammonia 38, alkane cha m'ma 50. Manambala amenewa akakhala m'mutu, mumadziwa nokha kuti hydroxide angachotse H pa phenol koma osati pa ethyne, ndipo pa ethyne pafunika sodium amide. Koma ma reaction ndi ambiri moti kuwaloweza ngati mndandanda kumagwira mpaka pa alkenes, pofika pa carbonyl mutu wadzaza. Lamulo la Markovnikov, la mmene asidi ngati HCl amalowera pa alkene, mwachitsanzo, ambiri amaliloweza ngati nyimbo, H amapita kumene kuli ma H ambiri. Ndiye muwapatse 3-methyl-1-butene ndi HCl. Kuwonjezera pa 2-chloro-3-methylbutane amene akumuyembekezera, pamatulukanso 2-chloro-2-methylbutane, chifukwa H wa pa kaboni woyandikana amasamuka ndi ma elekitironi ake awiri, secondary carbocation n'kusanduka tertiary. Woloweza nyimbo uja sangazione. Amene amafunsa kuti ma elekitironi ali kuti ndipo akusowa kuti, amaziona ngakhale sanakumanepo ndi molekyu imeneyo.

Ndinamuuza zonsezi, mwina motalikitsa. Iye anangofunsa kuti, "Chabwino. Primary ndi SN2, tertiary ndi SN1. Nanga secondary?"

Ndipo apa ndiye sindikhutira ndi yankho limene ndinapereka, ngakhale ndi loona. Zimadalira. 2-bromobutane ndi sodium cyanide mu DMSO, nucleophile wabwino amene si base yamphamvu, mu solvent yopanda O–H, amapita SN2 ndipo kaboni amatembenuka. Yemweyo ndi sodium ethoxide mu ethanol wotentha, elimination imapambana, E2, ndipo yochuluka ndi 2-butene monga mwa lamulo la Zaitsev, lakuti imachuluka ndi alkene yokhala ndi magulu ambiri a kaboni pa double bond. Mukasintha base n'kuika potassium tert-butoxide, amene ndi wamkulu thupi, gawo la 1-butene limakwera. Mukangomusiya mu ethanol yekha, amayenda pang'onopang'ono n'kupereka zosakanikirana. Molekyu imodzi, mayankho anayi. Nkhope yake inagwa. Ankafuna mzere umodzi woti alembe kuseri kwa kope.

Ndikhoza kuwajambulira tebulo sabata yamawa, substrate kumanzere, nucleophile pamwamba, solvent ndi kutentha m'mabokosi. Adzalikonda, adzalijambula pafoni, ndipo ndikudziwa bwino lomwe kuti adzaliloweza n'kusiya kufunsa chifukwa chake. Ndikapanda kuwapatsa, ena agwa pa funso limene akanalikhoza. Practical yotsatira ndi ya sodium iodide mu acetone ndi silver nitrate mu ethanol, ndiye mwina ndidikire kaye aone ndi maso 1-bromobutane akutulutsa precipitate msanga mu chubu choyamba pomwe tert-butyl chloride ali phee, kenako zinthu n'kutembenuka mu chubu chachiwiri. Machubu a iodide aja ayenera kukhala ouma kwenikweni, apo ayi sodium bromide amasungunuka m'madzi otsalirawo ndipo saona kanthu. Za tebulolo sindinaganize bwino. Ndiyambe kaye malipotiwa.